Dzenje la Gitala Kuseri kwa Tchalitchi

Gitala ija ndinaigula chaka chimene fodya wanga anachita bwino ku okushoni, ndipo ndinayamba kuikaikira ndisanatuluke nayo m'shopu. Wogulitsa, m'kashopu kena kuseri kwa depoti ya mabasi ku Lilongwe, analumbira ndisanamufunse n'komwe kuti ndi orijino, yochokera ku Amereka, ndipo mwini wake anali mzungu amene anaisiya chifukwa katundu anamuchulukira pokwera ndege. Ine munthu wolumbira asanafunsidwe sindimukhulupirira, koma tsiku limenelo maso anali atagwa kale. Inali ndi nyanga ziwiri, timaginito titatu pansi pa nsambo, kachitsulo kogwedezera mawu, ndi utoto wakuda m'mphepete wofiirira chapakati, ndendende magitala amene ndinkawaona m'manja mwa oimba a ku Congo m'nyumba za kanema ndili wamng'ono. Mtengo wake sunafike n'komwe pa wa njinga yatsopano. Ndinadziuza kuti ndi mwayi wanga.

Mu minibasi yobwerera, gitala ili pakati pa miyendo, ndinaona kuti dzina la kampani yotchuka la kumutu kwake silinali lolembedwa pathabwa. Kanali kapepala komata, ndipo ngodya imodzi inali itatukuka. Ndinakanda pang'ono ndi chikhadabo, n'kuona kuti pansi pake pali zilembo zina. Nditatsika pa Namitete ndinagula guluu, ndinakhala kuseri kwa golosale, n'kumata ngodyayo bwinobwino. Ndinafika kunyumba ndikumwetulira.

Kwathu ndi kwa Kabudula, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kumpoto kwa Namitete, m'banja la anthu a mpingo kuyambira makolo awo. Atsibweni a akazi anga, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndiwo anali mkulu wa mpingo pa tchalitchi chathu chaching'ono, komanso nkhoswe ya ukwati wathu. Zaka zitatu ndinakhala m'mudzimo ndikungotchedwa mkamwini uja wa kwa Kabudula, ngati dzina ndinaliiwala m'basi. Munda ndinkalima wa eni, mango ndinkathyola a eni. Gitala ndiyo inali chinthu choyamba chimene ndikanaloza n'kunena kuti ichi ndabwera nacho ndine. Ndiye matama ndinachita, sindikana. Mzungu wa pa ndege uja ndinamukweza mpaka anasanduka woimba wodziwika kwawo. Ngakhale akazi anga ndinawauza zomwezo, ndikuwayang'ana m'maso.

Nthawi imeneyo akazi anga anali oyembekezera, mimba yoyamba titadikira zaka zonsezo. Patangotha miyezi iwiri chigulire gitala, anapita padera. Za masiku amenewo sindilemba zambiri. Amayi a m'mudzi anawazungulira, ine ndinatsala panja wopanda chochita. Ndinayamba kukhala m'chigafa cha fodya masana onse, ndikuimba gitala yosalumikiza ku magetsi, timawu tikungomveka pansipansi. Umo ndi mmene ndinkalirira mwana wanga, koma sindinauze munthu aliyense, ngakhale mayi wake. Nsonga za zala zinachita matuza, kenako zinalimba, ndipo kaimbidwe kanga kanasintha msanga moti anthu anayamba kundifunsa kuti zala zimenezi ndazitenga kuti. Ine ndinkaseka, kuyesa akundiyamikira. Ndinali chitsiru.

Tchalitchi chathu chilibe magetsi a mawaya. Tili ndi sola padenga, batire lalikulu ndi inveta, zoyendetsa kiyibodi, maiki awiri ndi ampu imodzi yokuzira mawu. Kiyibodi inkaimbidwa ndi akwayamasitala, bambo wamtali wosaseka wamba, ndipo inkamveka bwinobwino. Koma ndikangolowetsa waya wa gitala yanga mu ampu, tchalitchi chonse chinkadzaza ndi kulira ngati kwa njuchi zotsekeredwa m'chitini. Ndikagwira nsambo kunkachepa, ndikachotsa dzanja kunkabwereranso. Nthawi ya pemphero lalitali ndinkakhala chigwirire nsambo, mphuno ikuyabwa, osayerekeza kuikanda. Sabata ina mlomo unakhudza maiki dzanja lili pa nsambo, magetsi anandimenya mpaka ndinaluma lilime pakati pa nyimbo. Titatuluka, akwayamasitala anandifunsa mofatsa ngati magitala onse a ku Amereka amalira choncho. Ndinayankha kuti vuto ndi inveta yathu yotchipa, yosazolowera zinthu zapamwamba. Kuyambira tsiku limenelo ndinawaika m'gulu la adani anga.

Lolemba lake ndinakulunga gitala m'chitenje, kuimangirira pa njinga, n'kupita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi pa Namitete. Anamasula kachivundikiro ka kumsana kwake, anasuzumira, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anandionetsa thabwa la mkati, lomatamata ngati la siling'i, ndi timawaya topyapyala ngati ulusi. Anati magitala otere amapangidwa ambirimbiri motengera gitala yotchuka ija, ndipo si oipa, munthu akhoza kuimba nayo mpaka kukalamba, kungoti amatola phokoso lililonse la magetsi. Chofunika, anatero, ndi ethi: kukumba dzenje, kukhoma chitsulo chachitali m'nthaka, kuchizinga ndi makala ndi mchere, kuthira madzi kuti pakhale chinyezi, n'kukoka waya kuchoka pachitsulocho kufika ku ampu, kuti magetsi osochera azithawira pansi. Anandigulitsa chitsulo ndi waya. Ndisanatuluke ndinamupempha kuti zimene waona mkati mwa gitala zithere pomwepo. Anavomera, koma kumwetulira kwake sindinakukonde.

Munthu wanzeru akanapita kwa atsibweni kukapempha chilolezo. Koma ndinkawadziwa. Iwo ndi munthu wofunsa mafunso ngati akadali m'kalasi, ndipo funso loyamba likanakhala lakuti n'chifukwa chiyani kiyibodi sifuna dzenje koma gitala ya ku Amereka ikufuna. Choncho ndinaganiza zochita ndekha. Makala ndinatenga m'kathumba kamene akazi anga ankasungira ositira zovala za pa Sabata. Mchere ndinakhuthula wa m'khitchini, paketi yathunthu imene anali atangogula kumene. Madzulo ake atandifunsa, ndinati ndapatsa mnzanga wa kudimba, akufuna kuthira pa chikopa cha mbuzi. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti sanamve kuti m'mudzi mwaphedwa mbuzi. Ndinayankha mokalipa kuti kodi mbuzi iliyonse ikamaphedwa amadzawauza iwo.

Ndinasankha masana a tsiku la msika, pamene mudzi wonse umakhamukira ku Namitete. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthaka yolimba ngati simenti. Ndinakumba kuseri kwa tchalitchi, pansi pa windo la kumene kwaya imakhala, ndikumaima kawirikawiri kuyang'ana uku ndi uku. Ndinakhoma chitsulo ndi mwala, ndinathira makala, mchere pamwamba, makala enanso, ndowa ya madzi, kenako ndinakwirira n'kumwaza masamba ouma kuti pasaoneke. Ndinagwada n'kuphimba waya ndi dothi mpaka pamene unalowera pakampata ka windo. Lero ndikaganiza mmene ndinkaonekera kwa munthu wondiona ali patali, inenso ndikanathawa.

Pa Sabata ndinalowetsa waya mu ampu mtima uli m'mwamba. Zii. Njuchi zija kunalibe. Gitala inatulutsa mawu oyera amene inenso sindinkadziwa kuti ili nawo, ndipo ndinaimba ngati sindidzaimbanso. Amayi analuluta, achinyamata anatembenuka kuyang'ana zala zanga. Ndinayang'ana kumbali ya amayi kufuna akazi anga. Anali atazolika, manja ali pamiyendo, osawomba n'komwe.

Patatha sabata ziwiri, atsibweni anandiitana kunyumba kwawo. Sanandipatse mpando wa masiku onse, anandilozera kabenchi ka pakhonde. Anati kwabwera mawu kuti ndakwirira mankhwala pa nyumba ya Mulungu, ndipo wonenayo anaona ndi maso ake. Abusa adzabwera Lachitatu la sabata yotsatira kudzamva nkhaniyi pamodzi ndi akulu a mpingo, ndipo kufikira tsikulo gitala isalowe m'tchalitchi, inenso ndisayandikire mgonero. Dzenjelo ndisalikhudze. Kenako anavula magalasi n'kuyankhula ngati nkhoswe, kuti nkhaniyi ikapezeka yoona, kudulidwa mu mpingo kudzakhala kochepa. Mkamwini wokhwima m'mudzi mwawo sagonamo, ndipo mwana wa mlongo wawo sadzapita naye kulikonse. Ndinamva bwino lomwe. Banja langa ndilo linali pachiswe.

Ndikanatha kufotokoza pakhonde pomwepo. M'malo mwake ndinafunsa kuti wanena ndani. Anakana kutchula.

Sabata imeneyo ndinaitha ndikusaka mdani. Woyamba anali akwayamasitala, ndipo ndinali nawo ndi umboni wokwanira m'mutu mwanga: kiyibodi yawo inali itaphimbidwa, atsikana a mu kwaya anali atayamba kufunsa ine poyambira nyimbo, ndipo nyumba yawo ili moyang'anana ndi tchalitchi. Tikakumana panjira ndinkayankha moni wawo ndi mphuno. Ndinakaikira mayi amene amasesa m'tchalitchi. Ndinakaikira wokonza mawailesi, kuti mwina nkhani yanga akusekera nayo makasitomala. Ndikadutsa pa mjigo amayi ankasiya kuyankhula, ndipo wina anakoka mwana wake kumuchotsa panjira yanga. Zimenezo zinandiwawa kuposa china chilichonse.

Kunyumba akazi anga anali chete. Ankandiikira chakudya n'kunena kuti iwo adya kale. Ine ndinkayesa kuti ndi manyazi chifukwa cha mbiri imene yagwera mwamuna wawo, ndiye ndinkawalimbitsa mtima, kuwauza kuti asadandaule, wansanje uja aona polekera. Gitala ndinaipeza ataichotsa kuchipinda n'kuitsamiritsa pabalaza, ndipo anati ankasesa.

Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndinatha masiku angapo ndikuyeza zinthu ziwiri, kutchedwa mfiti kapena kutchedwa wabodza wogula feki, ngati n'zolemera mofanana. Ndinkafuna njira yopulumutsira banja popanda kutaya mzungu wanga wa pa ndege.

Lachitatu masana abusa anafika pa njinga yamoto. Tinakhala m'tchalitchi, akulu a mpingo asanu, akwayamasitala ngati mboni ya za kwaya, ndi ine pakabenchi kutsogolo. Titapemphera tinatuluka tonse, ndipo anandipatsa khasu kuti ndifukule ndekha. Panali anthu ambiri oonerera chapatali, pansi pa mitengo ya bulugamu. Makala anatuluka, mchere utagwirana m'timiyala toyera, kenako mutu wa chitsulo ndi waya wake. Mkulu wina anatakasa dothi ndi ndodo, kufuna tsitsi kapena kansalu. Sanapeze kanthu, koma nkhope yake sinasinthe.

Ndinafotokoza za ethi monga ndinauzidwira. Kenako ndinapempha kuti ndionetse. Tinabwezera dothi, kuthira madzi, n'kulowa. Ndinalumikiza gitala waya uli m'malo mwake, munali bata. Ndinachotsa wayawo pa ampu, njuchi zinabwerera. Ndinabwezera, zii. Ndinachita katatu, n'kutembenuka ndikuyembekeza kuti nkhani yatha. Mkulu wa ndodo uja anagwedeza mutu n'kunena kuti taona tonse, zimene zakwiriridwazo zikugwiradi ntchito.

Amene anandiwombola ndi akwayamasitala. Anaimirira n'kunena kuti pa chigayo cha pa Namitete pali chitsulo chotere kuseri, ndipo iwo anaona amisiri a magetsi akuthira makala ndi mchere pochikhoma. Abusa anavomereza kuti kunyumba kwawonso kuli chimodzimodzi. Ndinayang'ana bambo amene ndinadana nawo mwezi wathunthu, osadziwa poika maso.

Atsibweni okha ndiwo anali asanakhutire. Anavala magalasi awo.

"Za chitsulo tamva, akamwini. Koma ngati chinali chinthu chabwino, munabisiranji? Munadikiriranji mudzi upite ku msika? Ndipo gitala yapamwamba ya ku Amereka, imene takhala tikuimva mbiri yake, ikufuniranji mchere wa m'mudzi muno, pamene kiyibodi yakaleyi siufuna?"

Funso lija ndinalithawa mwezi wonse linandipeza pamaso pa abusa. Ndinatola kamsomali pawindo, ndinagoneka gitala pamiyendo, n'kuyamba kukanda kapepala ka kumutu. Guluu wanga anali wabwino, kanavuta kuchoka. Katachoka panaoneka dzina lina limene palibe amene analimvapo. Ndinanena zonse: kashopu ka kuseri kwa depoti, thabwa la siling'i, guluu wa pa Namitete, ndi kuti mzungu wa pa ndege sindinamuonepo, mwina sanabadwe n'komwe. Ndinati ndinabisa dzenje chifukwa ndinkabisa bodza.

Woyamba kuseka anali abusa, ngakhale anayesetsa kubisa ndi mpango. Kenako onse, mpaka mkulu wa ndodo. Anandidzudzula chifukwa cha bodza ndi kukumba pa tchalitchi popanda chilolezo, n'kugamula kuti za mankhwala palibe, chitsulo chikhale pomwepo. Panja ndinagwira dzanja la akwayamasitala n'kuwapepesa, kuwauza poyera kuti ndinkayesa ndi iwo anandinenera. Anati ankadziwa, moni wa mphuno uja sankauphonya. Anawonjezera kuti gitalayo ankaidziwa kuti ndi yotengera kuyambira tsiku loyamba, ndipo sinkawavuta, chimene chinkawavuta ndi njuchi.

Ndinabwerera kunyumba wopepuka, gitala ili kumsana, ndikuwerengabe m'mutu anthu otsala oti n'kuwakaikira. Akazi anga ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Ndinawafotokozera zonse, za kapepala ndi za kuseka kwa abusa, ndikusekanso ndekha kuti manyazi achepe. Ndinamaliza ndi kunena kuti chatsala n'kudziwa njoka imene inapita kwa atsibweni.

"Ndinali ine," anatero, osasiya kusenda.

Ndinakhala pansi, pa dothi penipeni.

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali m'lichero. Tsiku la msika lija sanapite ku Namitete. Za chikopa cha mbuzi anali atafunsa kale kwa mkazi wa mnzanga uja, ndipo kunalibe mbuzi. Atandiona ndikutuluka ndi khasu ndi thumba ananditsatira, n'kuima kuseri kwa chulu. Anandiona ndikuyang'ana uku ndi uku, ndikuthira mchere wa m'nyumba mwathu m'dzenje, ndikugwada. Pa Sabata gitala inaimba mmene sinaimbirepo. Ndipo iwo anayamba kulumikiza zinthu: gitala inabwera, mwana anachoka, ine sindinagwetse msozi, ndinkangobindikira m'chigafa, zala n'kuyamba kuthamanga. Kwathu kuno aliyense anamvapo zimene amati munthu wokhwimira luso amapereka. Anasunga zimenezi mumtima sabata ziwiri, akugona pambali panga, kenako analephera.

"Mayi, inu munakhulupiriradi kuti ine ndingapereke mwana wathu chifukwa cha gitala?"

"Sindinafune kukhulupirira, abambo. Koma munandinamiza za mchere mukundiyang'ana m'maso. Lero ndamva kuti ndi za gitala yomwe munandinamiza chimodzimodzi. Ndikanadziwa bwanji pamene mabodza anu amalekezera?"

Ndinafuna kukalipa, ndipo mawu anali atafika kale pakhosi. Koma ndinawameza. Ndinawauza chimene ndinayenera kuwauza miyezi iwiri m'mbuyomo, kuti m'chigafa muja ndinkalira. Anasiya kusenda. Anati akanakonda ndikanalirira m'nyumba, pamene iwo akanandiona.

Banja silinathe. Gitala ndikadali nayo, ndipo kumutu kwake kuli chipsera cha guluu pamene panali kapepala. Ndinasintha nsambo kangapo, kachitsulo kogwedezera mawu kanathyoka, koma imaimba, ndipo achinyamata akandifunsa ndimawauza ndekha kuti ndi yotengera asanayambe kunong'onezana. M'mudzi dzina ndinapeza, ngakhale si limene ndinkafuna: mpaka lero paketi ya mchere ikasowa m'nyumba ya munthu, amati akafunse kwa mkamwini wa gitala.

Chilimwe chikafika nthaka imauma, njuchi zija zimayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo pachitsulo pamafunika madzi. Sindinawapemphepo, koma Loweruka lililonse la miyezi yotentha akazi anga amasenza ndowa kuchoka pa mjigo kupita kuseri kwa tchalitchi. Amathira madzi, kenako amaima kanthawi akuyang'ana pansi, nthawi zina n'kupalasa dothi pang'ono ndi chala cha kuphazi. Ine ndimawaona ndili pakhonde. Sindidziwa ngati kumeneko n'kupepesa kwawo, kapena amapita kukaona ngati ndakwiriramo china, ndipo ndimaopa kuwafunsa.